Tsiku Limene a Aloysius Analankhula ku Dziko Lonse

Saluni ya Consolata ku Yeoville inadzaza ngati tekisi ya ku Soweto, koma panalibe wolukitsa tsitsi. Maso onse anali pa TV, pomwe Mbaraka, katswiri wa madishi a setilaiti, ankasinthasintha matchanelo thukuta lili kamukamu.

Masana amenewo a Aloysius, amuna a Consolata, ankayenera kuoneka pa setilaiti. Azungu ena a zaluso anachita lendi chinyumba chosungiramo katundu ku Marlboro, n'kuitana anthu a mitundu yosiyanasiyana kuti akalankhule pompopompo, a ku Berlin ndi ku Tokyo akuonera. A Aloysius anagula suti, mawu n'kumayeserera pagalasi. Mawa lake kunali chisankho cha wapampando wa bungwe la maliro la Amalawi, ndipo wopikisana nawo, a Macdonald, analawirira n'kukhala kutsogolo kwenikweni.

"Kodi ku Tokyoko tifika liti, alamu?" anafunsa a Macdonald. "Kapena achimwene aphonya basi?"

Anthu anaseka. Consolata anangokukuta mano.

"Apezeni, Mbaraka," anatero. "Anthu awa aone okha."

Mbaraka anapeza mpira, m'busa wogwetsa anthu, ndi Amwenye akuvina. Ataimba foni ku Marlboro, mayi wina anamuuza m'Chingerezi kuti luso lenileni silikhala malo amodzi, limayenda ngati mphepo.

"Eish, mara tchanelo chake ndi chiti?"

Mayiyo anamupatsa adilesi ya pa intaneti n'kudula foni. Mbaraka analumikiza laputopu ku TV. Kagudumu kanazungulirazungulira, kenaka chithunzi chinabwera.

Chinali chinthu chobulungira, chonyezimira, chodzaza TV yonse. Timadontho tamadzi tinkatsetsereka pang'onopang'ono. Kumbuyo kunkamveka mawu okokedwa, ngati ng'ombe yogwera m'chitsime.

"Umenewu ndi mwezi," anatero bambo wina.

"Mwezi umatuluka thukuta? Ili ndi dzungu!" anayankha mayi wa pakhomo, saluni yonse n'kufa nacho chikhakhali.

Mbaraka anakanda m'mutu. "Koma adilesi ndi yomweyi, mayi."

Consolata anayandikira, n'kuyang'anitsitsa.

"Akupusitsani. Amuna anga avala suti. Tsekani, mufufuze kwina."

Anafufuza mpaka nthawi ya pulogalamu inatha. A Macdonald anaimirira, n'kukonza jekete.

"Mwaona nokha. Munthu wonama za TV, za maliro anganene zoona?"

Anthu anatuluka pambuyo pawo. Amayi ena anamugwira paphewa Consolata pomupepesa kuti wayesetsa, zangokanika basi.

Atatsala yekha, Consolata anakhala pansi n'kupuma mpweya wautali. Mutu umene unaoneka pa TV uja amaumeta yekha chikwatiranireni, ndipo dazi la amuna ake akhoza kulizindikira ngakhale mumdima. Dzina la wabodza limaiwalika chisankho chikadutsa, koma la "a Dzungu" akanapita nalo kumanda.