A Hutala Anabwereka Mwana Wokayezetsa

Panali munthu wina wophunzitsa anthu kuyendetsa galimoto. Nkhaniyi ndi yoona, ine ndinaimva kwa mlamu wa makaniko wawo. Anthu ankawatcha a Hutala, chifukwa akati "mwadzuka bwanji" agalu a mumsewu wonse ankalowa pansi pa mabedi. Nyimbo yawo inali imodzi: "Wodutsa m'manja mwanga salephera mayeso. Ngakhale mbuzi, ndipatseni milungu iwiri, laisensi itenga."

A Hutala anali ndi mwana wamkazi wa zaka khumi ndi ziwiri, ankamutcha Kamphepo. Pampando sankatha mphindi ziwiri. Akatsegula buku ankati zilembo zikuthamangitsana ngati nyerere. Koma mumuuze nkhani kamodzi, aibwereza yonse, mpaka pamene munatsokomola.

Tsiku lina aphunzitsi ake anaitanitsa makolo.

"Mwanayu si waulesi," anatero aphunzitsi. "Mwina ali ndi vuto lolephera kukhazikika lotchedwa ADHD, kapena vuto la kuwerenga. Pitani naye kwa katswiri woyeza ana, wapulayiveti, kuti zifulumire. Akalemba kalata, pa mayeso omaliza tidzamupatsa nthawi yowonjezera ndi munthu womuwerengera mafunso. Popanda kalata malamulo sandilola. Makalatawo tikulandira mpaka kutha kwa mwezi uno."

Atafika kunyumba a Hutala anaponya makiyi patebulo.

"Amake mwana, magazi anga akalephere pamaso pa dokotala? Ophunzira anga akamva, ndani adzakwerenso galimoto yanga?"

"Abambo, kumeneko kulibe kukhoza kapena kulephera," anatero mkazi wawo. "Akufuna amuone mmene alili basi."

"Inu mumadziwa za kuphika buledi. Za mayeso ndisiyireni ine."

Anayamba kumukonzekeretsa mwana ngati akuphunzitsa munthu kuimika galimoto. "Khala phee. Manja pamaondo. Maso kutsogolo. Buleki, iwe, buleki!" Masiku atatu. Kamphepo anayesetsa, misozi ili chuchuchu, koma mwendo unkangogwedezeka wokha.

Tsiku lokayezetsa mayi anali kuntchito ku bekale. A Hutala anakasiya Kamphepo kwa mlongo wawo, nkubwereka mwana wa mlongoyo, mtsikana wa msinkhu womwewo, amene chibadwire sanatsikepo pa nambala wani. Anamuveka yunifomu ya Kamphepo.

"Lero sindine malume ako, ndine bambo ako. Ukangolakwitsa ubwerera wapansi."

Kwa katswiri anawapatsa fomu ya makolo. Kodi mwana amavutika kukhazikika? Ayi. Amaiwala zinthu? Ayi. Amadana ndi kuwerenga? Ayi. Anachonga ayi, ayi, ayi, mpaka cholembera chinafuka utsi.

Katswiriyo anali mayi wofatsa wa magalasi, chipinda chake chodzaza zidole ndi timatabwa ta mitundumitundu. Mwana wobwereka uja anawerenga ngati woulutsa nkhani pa wailesi. Timatabwa anasanja katswiri asanamalize kufotokoza.

"Bambo, uyu ndi mwana amene aphunzitsi akumudandaula?"

"Aphunzitsi a masiku ano, adokotala, nsanje yokhayokha."

Kalata inatuluka. Mwana alibe vuto lililonse, ndi wanzeru koposa msinkhu wake. A Hutala anaiika mu felemu nkuipachika pamwamba pa TV. Kope lake anakapereka okha kusukulu, chifuwa chili patsogolo ngati bampala ya lole.

Aphunzitsi anaiwerenga kawiri, kenaka anawayang'ana a Hutala nthawi yaitali.

"Ngati katswiri watero, manja anga mwawamanga."

Dzina la Kamphepo linachoka pa mndandanda wa ana othandizidwa. Ahedi anati basi ndiye kuti mwanayu amachitira dala. Anamuchotsa pa desiki yakutsogolo nkumuika kumbuyo kwenikweni. Tsiku lililonse chilango. Anzake anayamba kumutcha wanzeru wa papepala.

Zinaululika pamene mwana wa mlongo uja anabwera kudzacheza.

"Anti, kwa dokotala wa magalasi kuja kuli zidole zabwino. Malume adzanditengenso liti?"

Mayi sanakalipe. Anapukuta manja, anavala nsapato, nkuima pakhomo mpaka a Hutala anatenga makiyi. Kwa katswiri munthu wamkulu uja anaulula zonse ndi timawu tating'ono ngati ta mwanapiye.

"Mwanamiza ine, koma wovulala si ine," anatero katswiri. "Ndimuona mwana weniweniyo, koma panopa mzere ndi wautali. Malo apezeka pakatha miyezi isanu."

Tsiku la makalata linali litadutsa kale. Pa mayeso omaliza Kamphepo anakhala yekha ndi nyerere zake. Pa mafunso makumi anayi anayankha atatu. Anzake onse anapita ku sekondale, iye anatsala.

Kuyambira pamenepo kuthamanga anasiya, nkhani zake zija anasiya. Ankangokhala phee, manja pamaondo, maso kutsogolo, monga bambo ake anamuphunzitsira.

Loweruka lina a Hutala anakwera pampando kuti achotse felemu ija.

"Dikirani kaye, bambo," anatero Kamphepo. "Amayi, mundiwerengereko. Ine sindinaimvepo."

Mayi anawerenga. Wodekha. Womvetsera. Wowerenga bwino kwambiri.

Kamphepo anagwedeza mutu pang'onopang'ono.

"Ndiye mwana amene bambo ankafuna ndi ameneyu eti? Musachotse, bambo. Pakhale mmodzi wokusangalatsani m'nyumba muno."

A Hutala anatsika pampando, felemu ili pomwepo. Makaniko uja akuti masiku ano a Hutala akapereka moni umachita kufunsa kawiri kuti akuti chiyani.

Phunziro: Kokayezetsa mwana si kokapikisana. Ukabisa chilonda kwa dokotala, chimanyeka pa mwana wako, osati pa iwe. Pitani naye amene munabereka, mmene alili, ndipo pa fomu lembani zoona ngakhale zikuwawa. Musaisunge mufoni nkhaniyi, itumizeni kwa makolo anzanu, makamaka aja odziwa zonse.