Dzanja la Paphewa

Kusukulu ya ozimitsa moto lamulo linali lodziwika: mu utsi sulowa wekha, ndipo wam'mbuyo sachotsa dzanja paphewa pako mpaka mutatuluka.

Usiku wina aphunzitsi anatuma Kafupi ndi mnzake kukatulutsa chidole chamchenga m'nyumba yodzaza utsi. Kafupi anakwawa mumdima, dzanja lili paphewa. Chala chinamukhudza pakhosi, chozizira, chopanda golovesi.

"Iwe, usandiseweretse. Golovesi wataya kuti?"

Zala zinangofinya.

Atafika pakhomo akukoka chidolecho, anapeza mnzake uja ali panja, akulimbanabe ndi lamba wa chipewa.

"Aise, walowa wekha bwanji? Ndimati undidikire."

Kafupi anayang'anitsitsa manja onse awiri a mnzakeyo. Anayang'ananso aphunzitsi: dzanja lina tochi, lina wotchi.

Paphewa pake dzanja lija linali lisanachoke.