Kalata ya Pansi pa Misomali

Mzamba analowa m'shopu ya ukalipentala ya mwamuna wake osaodira n'komwe. Munali fungo la utuchi ndi guluu, koma mwini wake munalibe. Anali atapita kukapereka chitseko kwa kasitomala. Zinakhala bwino choncho, chifukwa mayiyu sanabwere kudzacheza. Anabwera kudzagwira wakuba.

Miyezi inayi yapitayo anadzaza mafomu a bungwe lina lotumiza anthu odzipereka kukathandiza kunja kwa dziko. Ntchito yake inali yokaphunzitsa azamba achitsikana kwa zaka ziwiri. Iye anali ndi zaka makumi asanu ndi zitatu, ana onse atachoka pakhomo, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wake anafuna chinthu chakechake. Anapimitsa magazi, anajambulitsa chifuwa monga bungwelo limafunira, anayankha mafunso pafoni mpaka khutu kutentha. Kuchipatala kumene ankagwira ntchito anali atawauza kale kuti ayambe kusaka wina.

Tsiku limene anauza mwamuna wake, Kalipentala anangoti, "Zaka ziwiri?" n'kupitiriza kupala thabwa. Basi! Ukwati wa zaka makumi atatu, yankho n'kukhala limenelo. Masabata otsatira ankaoneka ngati wavomera, mpaka kumafunsa ngati kumeneko kumazizira komanso ngati kuli mitengo ya matabwa abwino. Koma mwezi wathawu munthu anangosintha. Chakudya ankangonyomola pang'ono n'kukankha mbale. Kulankhula naye kunali ngati kulankhula ndi chipupa, ndipo ukamuyang'ana, iye maso pansi. Mzamba anati kumeneku ndi kunyanyala. Mwamuna wa imvi akanyanyala amaposa mwana wolandidwa bere.

Mnzake amene anafunsira naye limodzi analandira yankho Lolemba. Kwa iye kunali zii. Makalata onse a pakhomo pawo ankafikira kushopu, ndipo dzulo, atabwera kudzatenga kiyi wa nyumba, anaona ndi maso akewa envulopu yoyera ya chidindo cha bungwe lija. Kalipentala anaiponya msangamsanga m'bokosi la zida n'kukhalapo, kenaka n'kuyamba kumufunsa ngati mvula ibwere.

Bokosilo linali pansi pa benchi, lokhoma ndi loko. Mzamba anagwada mu utuchi, yunifomu yoyera ili m'thupi, n'kutenga hamala.  Mkwiyo unalipo, inde, koma chomupweteka kwambiri chinali china. Munthu ameneyu ndi amene ankamuperekeza kuntchito mvula ikugwa, ambulera n'kumufunditsa iye yekha. Ndi amene anamukhomera kampando kotsamiritsa miyendo itayamba kutupa. Lero amubisire kalata ngati mwana wobisa lipoti la kusukulu?

"Ndikaipeza, ndinyamuka osatsanzika," anadziuza. Mawuwo anamuopsa mwini wake yemwe. Akapita motero, adzabwerera kwa yani?

Loko anathyoka atammenya kachitatu. Mkatimo munali macheka, matchizulo, tepi yoyezera ndi chitini cha misomali. Ananyamula chitinicho. Envulopu inali pomwepo, yotsegulidwa kale, yakuda m'mbali chifukwa chogwiridwagwiridwa.

"Mayi, mukutani?"

Kalipentala anali ataima pakhomo, thukuta lili kamukamu, dzanja litagwira felemu.

"Ndikutani? Mukundifunsa ine?" Mzamba anadzuka, utuchi uli mbuu m'mawondo. "Bambo, simukuchita manyazi? Kutsegula kalata ya mwini, kuiwerenga, n'kuikwirira pansi pa misomali! Mukanangonena kuti musapite. Pakamwa muli napo."

"Ibwezereni pomwepo. Chonde."

"Zaka makumi atatu ndakhala ndikukuchapirani, kukuphikirani, kukulererani ana. Ndapempha ziwiri zokha. Ziwiri! Zimenezonso zakuwawani?"

Bamboyo analowa m'shopumo. Anakhala pa mulu wa matabwa pang'onopang'ono, n'kuvula chipewa. Kufatsa kumeneko n'kumene kunam'maliza mkazi wake. Misozi inayamba kutsika, ndipo anakwiya kwambiri poona kuti akulira pamaso pa munthu womulakwira.

"Ndimati mudzazimve mutapita kale," anatero Kalipentala motsitsa mawu.

"Ndipite bwanji, kalata yoti ndipitire mwaikhalira?"

Anasolola pepala mwaukali mpaka linang'ambika pakona. Anapukuta m'maso ndi mkono, n'kuliyandikiza kuwindo kuti aone bwino.

Dzina lolembedwa pamwamba linali la mwamuna wake. Bungwe linkamuthokoza pofunsira kukaphunzitsa ukalipentala komwe mkazi wake akupita, koma linati silingamutenge. Chithunzi cha chifuwa chake, chimene anakajambulitsa mobisa kwa dokotala wa bungwelo, chinaonetsa chotupa m'mapapo, ndipo ankayenera kukaonana ndi dokotala sabata yomweyo. Kalatayo inalembedwa masabata asanu apitawo.

"Kuchipatalako munapita?" anafunsa Mzamba.

"Ndikanapita bwanji, mayi? Kumeneko aliyense amakudziwani. Akanakuuzani tsiku lomwelo, inu n'kusiya ulendo."