Pepala la Latrice

Agogo Cleophus anali asanamalize khofi wawo pamene mdzukulu wawo Latrice anawakankhira pepala patebulo.

"Sainani apa, agogo. Ndichedwa kusukulu."

Anawerenga pang'onopang'ono, chala chikutsata mzere. Pepalalo linkati mwanayo atuluke m'kalasi ya masamu ya ana okhoza kwambiri, abwerere kwa anzake.

"Walephera kodi?"

"Ayi, ndine wachiwiri kalasi yonse."

"Nanga chavuta n'chiyani, mwanawe?"

"Wakuda ndine ndekha m'menemo, ndipo azungu aja sandiyankhula. Ndikapita kodyera, Shondra ndi akuda anzanga ena amakuwa kuti, 'Taonani, mzungu wathu wafika! Tebulo lanu ndi ilo, dona!' Milungu itatu tsopano ndikudyera kuchimbudzi."

Agogowo sukulu anaisiyira m'kalasi yachinayi, kukathyola thonje ku Mississippi. Wodziwa kukayankhula ndi aphunzitsi anali mwana wawo wamkazi, mayi ake a Latrice, koma anamuika m'manda mu Epulo.

"Mayi ako akanati chiyani?"

"Amayi kulibe, agogo."

Agogo anasaina, chilembo chimodzichimodzi. Latrice anawapsompsona pachipumi n'kutuluka akumwetulira, koyamba chichitikire maliro.