Pulagi ya Miyendo Iwiri

Fungo la pulasitiki wopsa linali lisanathe pamene mmisiri wa magetsi anafika m'chipinda cha apongozi ake aamuna, mkazi wake ali pambuyo. Mawindo onse anali otsegula. Apongoziwo anali pampando pafupi ndi khomo, akupuma mobanika, milomo itatuwa. Makina owathandiza kupuma, omwe mwana wawo wamwamuna anatumiza kuchokera kunja miyezi isanu yapitayo, anali zii pambali pa bedi.

Mmisiriyo anazimitsa magetsi a nyumba yonse, n'kugwada pakhoma. Soketi inali itada bii, mbali imodzi itasungunuka. Anazula pulagi ya makinawo. Inali ya kunja, ya miyendo iwiri yowonda, yobulungira, pamene soketiyo inali ya mabowo atatu. M'bowo lapamwamba munali kamtengo, kakupsa theka. Anakasolola ndi pulayala, n'kukakweza m'mwamba kuti aliyense akaone.

"Alamu, ichi n'chiyani?"

Mlamu wakeyo, mng'ono wa mkazi wake, ndiye ankasamalira bambo awo chimwalirireni mayi. Anali ataima pakona, manja atapinda pachifuwa, maso ali pansi.

"N'chotsegulira, alamu. Popanda kameneko pulagi siilowa."

"Siilowa chifukwa siyenera kulowa!"

Anansi atatu amene anathamangira utsi anali akadali pawindo. Mmisiriyo anawaona, koma sanatsitse mawu. Anafotokoza ngati mmene amafotokozera makasitomala. Opanga soketi anaika tizitseko m'mabowo awiri apansiwo dala, kuti chosayenera chisalowemo. Ukatitsegula ndi kamtengo, pulagi ya kunja imalowadi, koma miyendo yake siigwira, imangogwedera m'katimo. Pogwedera ndi pamene pamathetheka moto. Chikhala chaja ya foni mwina munthu n'kupulumuka, koma awa ndi makina oyaka usana ndi usiku. Ndipo pulagi yotere ilibe fyuzi yoti n'kudula magetsi zinthu zikavuta.

"Pankangofunika adaputa ya fyuzi, yogwira zolimba. Apo ayi, kudula pulagiyi n'kuikapo yathu ya miyendo itatu. Ntchito ya mphindi khumi. Ndipo mmisiri muli naye m'banja momwe muno. Mukanawaotchera m'nyumba bambowa, alamu."

Msozi wa mlamuyo unatsika, unafika pachibwano, iye osaupukuta. Mmodzi wa anansi aja anaphethira mnzake, onse n'kuchoka pawindo mwakachetechete. Kuchoka kwawoko kunamupweteka mlamuyo kuposa kuonerera kwawo.

Mkazi wa mmisiriyo anali atatsitsa kale chikwama pamwamba pa wodilobu. Nkhani yoti bambo asamukire kwa iye anaiyamba kalekale, koma nthawi zonse inkathera m'malere.

"Bambo, mwadzimvera nokha. Lero tinyamukira limodzi. Uyu ntchitoyi yamukulira."

"Ine kuno ndasowa chiyani?" anafunsa bambowo, mawu akudukaduka.

"Mpweya, bambo. Mwasowa mpweya."

"Achemwali, chonde," anatero mng'onoyo. "Zaka zinayi zonsezi sindinaphonyepo ngakhale mankhwala a tsiku limodzi."

"Mankhwala akanathandiza chiyani nyumba itapsa? Bweretsa majuzi awo."

Anabweretsa. Anawapinda yekha, imodziimodzi, n'kumapatsira mkulu wake osamuyang'ana kumaso.

Mmisiriyo anagwira ntchito yake. Anachotsa soketi yopsayo n'kumangapo yatsopano ya m'bokosi mwake. Anadula pulagi ya kunja ija, n'kusenda mawaya, n'kumangirira ya miyendo itatu yokhala ndi fyuzi yoyenera. Atayatsa magetsi makinawo analira pang'ono, kenako anayamba kung'ung'udza monga kale. Anawaveka apongozi ake timachubu m'mphuno. Patapita kanthawi, mapewa a mkuluyo anatsika, milomo n'kuyamba kubwerera mtundu wake.

"Zikomo, akamwini," anatero mkuluyo.

Mmisiriyo anapukuta manja. Mtima unali utatsika, ndipo mlamu wake anayamba kumumvetsa chisoni. Sanali mkazi wosasamala. Chipindacho chinali chaukhondo, zofunda zochapa, mabotolo a mankhwala atandanda mwadongosolo pawindo. Zinali zoonekeratu kuti nzeru ya kamtengoyi sanaipeke yekha. Pali wina anamunamiza, ndipo wina ameneyo akunamizanso ena.

"Alamu, sindikukuzengani mlandu. Koma ndiuzeni, anakuphunzitsani zimenezi ndani?"

"Zisiyeni, alamu. Wolakwa ndine."

"Ayi, tchulani. Anthu oterewa ndi amene akutiipitsira mbiri ife amisiri. Ndikufuna ndikamuone ndi maso angawa."

"Zapita, alamu. Bambo akupuma."

"Ukubisa ndani?" analowerera mkulu wake, atagwira zipi ya chikwama. "Bambo ako atsala pang'ono kufa, iwe uli kalikiliki kutchinjiriza munthu wapamsewu? Tchula!"

Mng'onoyo anayang'ana mkulu wake, n'kuyang'ana chikwama, n'kuyang'ana bambo ake. Kenako anatulutsa foni m'thumba la diresi. Anafufuza kwa kanthawi, mpaka anapeza uthenga wamawu wa tsiku limene makinawo anafika. Anaiika foniyo pabedi, n'kudina.

Kunamveka phokoso la chobowolera khoma, kenako mawu a mwamuna, othamanga, otopa ndi kufunsidwa: "Alamu, ndili pamakwerero ine. Zimenezo n'zazing'ono, musachite kundiimbira kawirikawiri. Tosani bowo lapamwambalo ndi kamtengo, ilowa yokha. Tonse timatero."

Palibe anafunsa kuti mawuwo anali a ndani. Mkazi wa mmisiriyo anatsegulanso chikwama, n'kuyamba kutulutsa majuzi a bambo ake.