Madzi Anafika Pati?

"Madzi anafika pati?" anafunsa mkulu wa inshuwalansi, akukanda khoma la pabalaza ndi chikhadabo.

Mayi wosoka zovala, mwini nyumbayo, anayang'ana mwamuna wake. Bamboyo anali atapenta khomalo kawiri kuti mzere wa matope usaoneke, koma fungo la chinyezi linkawayalutsa. Makampani ena onse anali atawakana kale, atangomva kuti nyumbayi inalowapo madzi osefukira ndipo inshuwalansi yakale inawalipira.

"Pang'ono chabe, bwana, m'akakolo," anatero bamboyo, akumwetulira ngati wopempha mchere.

Kumwetulirako n'kumene kunawiritsa mtima wa mayiyo. Munthu amene anaoloka msewu wodzaza madzi atabereka apongozi ake, lero akunyengerera mlendo wa nsapato zowala!

"Musaname, bambo a ana!" Anadzimenya pachifuwa. "Anafika apa! Makina anga osokera anamira, madiresi a ukwati a eni ake ankayandama pabalaza pano. Ndiye tinalakwa chiyani? Mvula tinaiitana ndife?"

Mkuluyo anatsokomola n'kubweza cholembera m'thumba. "Pepani mayi, malamulo a kampani yathu salola nyumba yotere."

"Nanga mumafuna nyumba yotani? Yoti sidzakufunani mpaka kalekale?"

Kunja kunali kutayamba kuwaza, ndipo mkuluyo anatambasula dzanja kuti atenge ambulera yake pampando. Mayiyo anachita changu, anaitsomphola n'kuiponya pabwalo, m'chithaphwi.

"Iyo, yagwa m'matope kamodzi, bwana," anatero atagwira chitseko. "Tione ngati muisiye pomwepo."