Makhwekhwe Osagwira Mbalame

Nkhani iyi ndinaimva kwa wosoka maambulera wina, tsiku lomwe mvula inatitsekera pakhonde la sitolo basi itatisiya. Akuti mwini nkhaniyo, mlonda wa dambo, anali mnansi wake.

Mlonda wa dambo anafika pakhomo matope ali m'mawondo, n'kuponya pansi makhwekhwe ena.

"Enanso awa," anatero. "Munthu ameneyu akufuna ndife ndi mtima."

Mkazi wake anali pamwala, akutsuka mapazi.

Dambolo silinali dambo wamba. Mayiko anachita kugwirizana kuti litetezedwe, chifukwa mbalame zina zimauluka kuchoka kutsidya kwa nyanja zikuluzikulu kudzapuma m'bango lake. Panali chikwangwani cha zilankhulo zitatu, kanyumba ka mlonda, basi. Zaka zonsezo ntchito ya bamboyu inali kuyang'ana atsekwe ndi kudziwomba mbama pothamangitsa udzudzu. Koma chilowereni dzinja, m'mawa uliwonse ankapeza makhwekhwe a chingwe cha buluu atatcheredwa m'njira za mbalame. Akachotsa lero, mawa ena. Akabisala kum'mawa, makhwekhwe ankatcheredwa kumadzulo. Wotcherayo ankakhala ngati akumuwerenga mumtima.

Mantha anali nawo. Mlonda mnzake wa dambo lina anali atachotsedwa ntchito, ndipo mkazi wa mnzakeyo anadutsa pomwepa ndi katundu pamutu, n'kunong'onezana nthawi yaitali ndi mayi a pakhomopa. "Ulesi umenewo," anatero mlonda atamva. Tsopano bwana wa ku ofesi anali kubwera kudzayendera, ndipo iye analibe choonetsa koma mulu wa manyazi.

Zonse zinkamunyansa. Ngakhale yunifomu yake masiku amenewo inkabwera ndi chisoso.

"Mayi, zovala za boma muyanikiranji pa udzu?"

"Pansi zimauma msanga, abambo."

Wolakwa ankamudziwa. Mlamu wake, mchimwene wa mkaziyo, anali mlenje wa mbalame dambolo lisanatsekedwe, ndipo mpaka lero akaona tsekwe amameza malovu. Anamuitanitsa.

Mlamuyo anatola khwekhwe limodzi, n'kulowetsamo chala, n'kukoka. Silinathine. Anaseka mpaka kukhala pansi.

"Alamu, kundinamizira kuba ndingapirire, koma uku ndiye kundinyoza. Mfundo iyi siyenda. Khwekhwe lotere ngakhale nkhuku yoledzera ingalowe n'kutuluka ikuimba. Mwapezamo nthenga ndi imodzi yomwe?"

"Musandizunguze mutu. Mwakalamba, manja aiwala."

"Amene anamanga ichi sanatcherepo chibadwire."

"Mukafotokozera apolisi zimenezo. Mawa dzina lanu ndilipereka kwa abwana."

Mkaziyo anaponya mbale pansi. "Achimwene muwasiye, abambo."

"Magazi ndi magazi," anatero mlonda. "Ndikachotsedwa ntchito, tidzadya ubale wanuwo?"

Mlamu anachoka osatsanzika.

M'mawa mwake galimoto inaima pafupi ndi chikwangwani. Bwanayo anali mayi wa magalasi, wosachedwa pa nkhani. Mlonda anakhuthula thumba lonse pamapazi ake, dzina la mlamu lili kale pa lilime.

Mayiyo anayang'ana muluwo, n'kugwedeza mutu.

"Zonsezi mwachotsa nokha? Bambo, mwagwira ntchito. Ndikuuzeni zoona, ndinabwera kudzathetsa ulonda pamalo ano. Madambo onse abata tachotsako alonda, mnzanu uja ndi mmodzi wa iwo. Koma kuno kuli adani. Mukhala. Pali amene mukumuganizira?"

Mlonda anameza dzina lija. "Ndikufufuzabe, bwana."

"Chabwino. Ndimangireni zimenezi pamodzi ndikaonetse anzanga."

Mlonda anathamangira kuseri kwa nyumba yake, mpeni uli m'manja, kuti akadule kachidutswa ka chingwe choyanikapo zovala. Anapeza mitengo iwiri itangoima, pakati pake palibe kanthu. Pa mtengo uliwonse panatsala kamfundo ka buluu, kolimba, kosayenda. Atacheuka anaona mkazi wake pamwala paja, akuchotsa matope akuda a m'dambo pakati pa zala za kumapazi.

Wosoka maambulera analekezera pomwepo, mvula nayo n'kukata. Ine ndayenda ndithu, ndipo akazi ochenjera chotero ndawaonapo, zimenezo sindikana. Chimene ndikukayika n'choti mwamuna angathe dzinja lonse osaona kuti chingwe cha pakhomo pake chikutha. Ndinamuuza mnzangayo zimenezi. Iye anangondifunsa mtundu wa chingwe cha kwathu, ine n'kuyamba kuyang'ana ngati basi ikubwera.